Chikwama cha pa Mzere Wachitatu

"Abale ndi alongo, tonse amene tasonkhana pano..."

A Chimkuzamawu anaima pomwepo, dzanja lili m'mwamba. M'kachipindamo munalibe abale, munalibe alongo. Munali tebulo lositirapo zovala, simbi yozizira itaimikidwa pamwamba pake, ndi mpando wapulasitiki umene akazi awo ankaunjikapo zovala zosita kale. Anatsokomola, n'kuyambanso. "Abale ndi alongo..." Mawu anakanirira pakhosi ngati piritsi lomeza popanda madzi.

Akazi awo anali atamwalira dzana, ndipo mawa lake kunali koika maliro. Pabalaza panali podzaza anthu, ena mpaka pakhonde, koma iwo anazemba n'kudzadzitsekera m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Zolankhula zawo zonse zinkabadwira mmenemo.

Dzina loti Chimkuzamawu anawapatsa ndi anzawo a kufakitale ya nsalu, kumene anatsogolera bungwe la ogwira ntchito mpaka fakitaleyo inatsekedwa. Munthu uja akaimirira kuti alankhule, ngakhale mwana woyamwa ankasiya bere. Ukwati, maliro, kutsanzikana ndi opuma pantchito, aliyense ankafuna iwowo. Koma m'nyumbamo ngakhale mphaka ankadziwa kuti mawuwo ankaphikidwa ndi anthu awiri. Akazi awo, amene iwo ankangowatcha a Kalaliki, anagwira ntchito kukhoti, kutaipa zonena za maloya mpaka zala kupindika, ndiye ankadziwa bwino pamene munthu womvetsera amayambira kuyasamula. Bambo ankaima pafupi ndi chitseko akuyeseza, mayi akusita, osatembenuka n'komwe.

"Dulani pamenepo."

"Aaa, koma mpamene pali mchere!"

"Mchere wake uti? Mwanena kale kawiri zimenezo. Mutu umodzi, dengu limodzi. Mwabwera kudzanena chiyani?"

Tsiku lenilenilo likafika, a Kalaliki ankawapatsa switi ya pakhosi pakhomo pa holo, kenako ankakakhala pa mzere wachitatu, mpando wa kumapeto, chikwama chakuda chili pamiyendo, chotsegula. Akavula magalasi ndiye kuti bambo mukuthamanga. Akatseka chikwamacho, chitsulo chake n'kulira kuti kha! ndiye kuti basi, tsirizani chiganizo chimenecho mukakhale pansi. Anthu ankatama kuti a Chimkuzamawu amadziwa kusiya nkhani ikadakoma. Ankadziwa chiyani! Ankamvera chikwama.

Chitseko chinatsegulidwa popanda kugogoda. Anali mwana wawo wachisamba, wogwira ntchito kubanki, foni m'dzanja lina, pepala m'dzanja lina, maso ali psuu chifukwa chosagona.

"Adadi, takufunani nyumba yonse. Pulogalamu ija ikupita kopulinta masana ano."

"Ipite."

"Ndakulemberani zoti mukanene mawa. Mukangowerenga basi, simuvutika."

A Chimkuzamawu analandira pepalalo, n'kulitalikitsa pang'ono kumaso. Anawerenga mokweza, monga ankachitira ndi chilichonse cholembedwa. "Lero mtengo waukulu wagwa, nyenyezi yathu yazima, mzati umene unachirikiza banja lathu pa nthawi ya mtendere ndi pa nthawi ya mavuto, umenenso unali chitsanzo kwa amayi onse a m'dera lino ndi madera oyandikana nawo..." Mpweya unawathera panjira. "Iwe, unayesa kuziwerenga mokweza zimenezi?"

"Ndalemba bwinobwino, Adadi."

"Walembera maso. Anthu mawa abwera ndi makutu. Chiganizo chikakutsamwitsa mwini wakewe, womvera chamupha kale. Ndiye amako akhale mtengo, nyenyezi ndi mzati nthawi imodzi? Mtengo waukulu, munthu woti potenga shuga pashelefu ankakwera pampando?"

Chisamba sanaseke. Anakankhira chitseko ndi phazi kuti a pabalaza asamve.

"Si nthawi ya nthabwala ino. Kubwera mabwana anga, kubwera a kukhoti. Ndinene mosapsatira, za ku ukwati zija zisachitikenso."

Mawu amenewo anawalasa. Ukwatiwo unali wa mwana wa mlongo wawo, ndipo unachitika a Kalaliki ali gone m'chipatala. A Chimkuzamawu anapitako okha, koyamba m'moyo wawo. Anayamba bwino ndithu, koma pa mzere wachitatu panakhala munthu wachilendo amene ankangosewera ndi foni. Anadikira kha! uja, osabwera. Anachoka pa nkhani ya ukwati n'kulowa mbiri ya fakitale, kuchoka apo kukwera mtengo kwa ulusi, mpaka keke inayamba kupendekeka ndi kutentha, woika nyimbo n'kuwathira nyimbo pamwamba. Wina anajambula, kanema wake anayenda m'mafoni mpaka anafika kubanki. Kuchokera tsiku limenelo palibe anabweranso kudzawapempha kuti akalankhule.

"Muwerenga pepalali, apo ayi ndiwerenga ndine, inu mungokhala," anatero Chisamba. "Inenso ndi amayi anga. Sindikufuna anthu akaseke pamaliro awo."

A Chimkuzamawu anamuyang'ana mwanayo. Anafuna kukalipa, koma amukalipire bwanji munthu wonena zoona? Anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba la malaya.

"Lemba dzina langa papulogalamupo," anatero.

Masana anayesa kukhala pabalaza monga ayenera kuchitira wamasiye. Aliyense wolowa ankawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena mawu omwewo amene ananena wa patsogolo pake. Mnzawo wina wa kufakitale, amene ankakonza makina oombera nsalu, anawanong'oneza kuti, "Mawa ndiye mutiliza tonse, achimwene. Mayi aja ayenera mawu enieni." Iwo anangogwedeza mutu.

Anadzuka ngati akupita kuchimbudzi, n'kulowa kuchipinda chogona. Anayang'ana pamsomali wa kuseri kwa chitseko, pamene chikwama chija chinkapachikidwa. Panalibe. Anatsegula wadiropu, anasuzumira pansi pa bedi, anafika mpaka pogwada.

"Mukufuna chiyani, Adadi?"

Anali Mzime, mwana wawo womaliza, namwino, amene anagonera mayi ake kuwodi mpaka tsiku lomaliza. Anali atanyamula kapu ya tiyi.

"Chikwama cha amako."

"Chili kwa ine, pamodzi ndi katundu wa kuchipatala uja. Muchifuna?"

"Ayi. Ndimangofunsa." Anachita manyazi. Bambo wa imvi zake kufunafuna chikwama cha mzimayi pansi pa bedi! Anadzuka akugwira bondo, n'kulandira tiyi. "Takhala apo. Undimvere."

Mzime anakhala pamphepete pa bedi, mbali ya mayi ake. Bambo ake anaima pafupi ndi zenera n'kuyamba. Ananena kumene a Kalaliki anabadwira ndi sukulu imene anaphunzira. Ananena za tsiku limene anakumana pasiteji ya basi, iwo akufotokozera gulu la anthu chifukwa chimene basi yachedwera, mtsikana wamfupi wa magalasi n'kuwauza pamaso kuti akulongolola. Ananena za nyumba yawo yoyamba yodontha, za kubadwa kwa ana, za oweruza amene ankaopa kulakwitsa mawu pamaso pa kalaliki wawo yemwe, za matenda, za usiku wa kuchipatala. Pamene ankatsiriza, tiyi anali atazizira ndipo Mzime anali akupukuta misozi ndi ngodya ya pilo.

"Zabwino kwambiri, Adadi."

Zabwino! A Chimkuzamawu anamva ngati wina wawatsekera chitseko kumaso. Zaka zonse zija, mawu amenewo sanatulukepo m'kamwa mwa a Kalaliki.

"Dula penapake."

"Ndidule pati? Zonse n'zoona."

"Zoona n'zambiri, mwanawe, koma dengu ndi limodzi. Undiuze pamene wayamba kutopa."

"Sindinatope."

"Ukunama."

"Adadi, ndikutsutseni bwanji lero?"

Anakhala pansi pampando wa pakalilole, kapu ili m'manja. "Ndiye vuto lake limenelo," anatero chapansipansi. "Nyumba yadzaza anthu, aliyense akundivomereza. Ndasowa wonditsutsa. Kodi umasiye wake ndi umenewu? Ndili ndekha, Mzime. Ndikuopa mawa."

Mzime anatenga kapu ija n'kutuluka nayo.

Atatsala okha anatsegulanso wadiropu kuti atulutsiretu malaya oyera a mawa. Anawapeza atapachikidwa, ositidwa kale ndi manja a munthu wina, mizere ya mikono itakhota. Pansi penipeni, kuseri kwa mabulangete, panali malaya ena abuluu, akalekale, opindidwa bwino. Anawatambasula. Pamsana pake panali chipsera cha simbi. Anakhala nawo pamiyendo nthawi yaitali, ndipo m'khutu mwawo munamveka mawu aja amene ankawakwiyitsa nthawi zonse: "Musayambe ndi kulonjera mabwana. Yambani ndi chinthu choti anthu achione ndi maso." Malaya oyera aja anawabwezera m'wadiropu.

M'mawa mwake pakhomo pa tchalitchi, Chisamba anawakonza tayi, n'kuona kolala yofwifwa.

"Malaya ati amenewa, Adadi? Oyera aja ali kuti?"

"Jekete ibisa."

"Pepala lija muli nalo?"

Anasisita thumba. Chisamba anapuma mozama, n'kupita kwa munthu wa zokuzira mawu amene anakhala pakona ndi mawaya ake. Ankaganiza kuti akunong'ona, koma mawu ake anatengera bambo ake. "Ndikakweza dzanja, muzimitse maikiyo." A Chimkuzamawu anamva, n'kuyang'ana kumbali ngati sanamve. Pakhosi panali pouma, ndipo panalibe wowapatsa switi.

Analankhula a kukhoti, analankhula a kuchimuna ndi a kuchikazi. Mitengo ikuluikulu inagwa kangapo m'mawa umenewo, nyenyezi nazo zinazima. Kenako anaitana dzina lawo.

Mtunda wochokera pa benchi kukafika pa maiki unawatalikira. Anadutsa pafupi ndi bokosi osaliyang'ana. Anatulutsa pepala, n'kulitambasula, zilembo zikusambira. Kumbuyo kwenikweni anaona mafoni awiri atakwezedwa kale m'mwamba, kudikira keke ina kuti ipendekeke. Maso awo, mwa chizolowezi chabe, anapita pa mzere wachitatu.

Pampando wa kumapeto panakhala Mzime. Sanakhale kutsogolo ndi abale ake. Pamiyendo pake panali chikwama chakuda chija, chotsegula.

A Chimkuzamawu anapinda pepala n'kulibwezera m'thumba. Anavula jekete, naipachika pa chogwirira maiki, kenako anatembenuka n'kuwapatsa anthu msana. M'tchalitchi munamveka kunong'onezana. Pamalaya abuluu aja, m'munsi mwa phewa, panali chipsera chofiirira, simbi yathunthu ndi msonga yake yomwe.

Anatembenukanso. "Mwaona?" anafunsa. "Anawotcha ndi akazi anga."

Wina anaseka pang'ono n'kudzigwira pakamwa. Dzanja la Chisamba linanyamuka kufika pachifuwa. A Chimkuzamawu sanafulumire. A Kalaliki ankati chete saluma, mulekeni agwire ntchito yake. Anapuma, n'kulankhula ngati m'nyumbamo muli munthu mmodzi yekha, wa pa mzere wachitatu.

"Ena a inu munalipo chaka chimene anatseka fakitale. Mabwana anathawa, n'kutuma ine kuti ndikauze anzanga. Ndinakonza mawu ambiri, okometsera, onona. Ndikuyeseza, akazi anga akusita malaya awa. Akuti dulani. Ndayambanso, akuti dulani. Ndinapsa mtima. Ndinati, ndiye ndikanene chiyani? Ndikangonena kuti anzanga, ntchito yatha, inenso ndili ndi mantha ngati inu, koma lero pasapezeke wopita kunyumba yekha? Sanandiyankhe. Ndinangomva fungo la kupsa. Anali ataima chilili akundiyang'ana, simbi ili pamalaya."

Wokonza makina uja anavomera yekha chapakati, "Eee, munatero ndithu." Mafoni aja anatsika.

"Akazi anga sanandiyamikirepo ndi pakamwa. Ayi, ngakhale kamodzi. Kuyamikira kwawo ndi kumeneku, ndavala lero." Anaimanso pang'ono. "Inu mumati ine ndimadziwa kulankhula. Iwo ankadziwa kumva. Ankamva mpaka pamene wayamba kunama, n'kukuuza. Ana anga ndi mboni. Ukabwera kusukulu ndi nkhani yozungulira, mayi awo ankangofunsa kuti wabwera kudzanena chiyani, iwe n'kuulula wekha. Lero andifunsa ine funso lomwelo. Ndabwera kudzanena chimodzi chokha. Wondimvera wanga wapita."

Anayang'ana chikwama. Apa ndiye panali pake, anadziwa ndi thupi lonse. Anadikira kha! uja.

Manja a Mzime anali pachikwamapo, osasuntha. Misozi inkangotsika, osaipukuta.

Mawu ena anayamba kukankhana pakhosi. Siteji ya basi ija, nyumba yodontha, oweruza aja, zonse zinafuna kutuluka nthawi imodzi. Anamva ukwati uja ukubwerera, mlomo unatseguka wokha. Anayang'ananso. Chikwama chinali chikadali chotsegula. Ha, mwana uyu wagona kodi? Anatseka pakamwa, n'kutenga jekete yawo. Anabwerera pa benchi m'tchalitchi muli zii, moti nsapato zawo zinkamveka.

Atakhala pansi anayamba kulowetsa mkono m'jekete. Chisamba, amene dzanja lake lija linali litathera kumaso kupukuta misozi, anaigwira jeketeyo n'kuiika pamiyendo pake.

"Isiyeni, Adadi," anatero. "Khalani choncho."

Pobwera kumanda anthu anadya, anatsanzika, n'kumachoka m'magulumagulu. Dzuwa litapendeka pabalaza panatsala mipando yobwereka yokha, itasanjikizidwa pakona. Chisamba anaperekeza mabwana ake kumsewu. A Chimkuzamawu anamupeza Mzime kukhitchini akutsuka makapu, chikwama chija chili pashelefu pafupi ndi shuga.

"Iwe, unaiwala kutseka, kapena amako sanakuphunzitse bwino? Ndikanapitirira pang'ono bwenzi achimwene ako atandizimitsira maiki pamaso pa anthu."

"Sindinaiwale."

"Nanga?"

Mzime anatseka mpopi, n'kupukuta manja pa siketi. "Amayi anandiuza okha kuwodi, sabata yomaliza ija. Anati, ukakhale pampando wanga, chikwama pamiyendo, kuti bambo ako akakhale ndi poyang'ana. Koma usakatseke."

"Usakatseke?"

"Anati, moyo wanga wonse ndakhala ndikuwadula bambo ako chifukwa cha anthu ena, kuti asatope nawo. Ine sindinatopepo. Tsiku limenelo zonena zawo zidzakhala zanga. Ndikufuna ndidzamve mpaka kumapeto." Mzime anayang'ana pansi. "Anandiletsa kukuuzani. Anati mukadziwiratu mudzayamba kukometsera."

A Chimkuzamawu anagwira m'mphepete mwa sinki. Anaseka kamodzi, kuseka kosamveka bwino, kenako nkhope inagwa.

"Koma mkazi uyu! Tsiku limodzi limene ndasunga malamulo ake ndekha, ndi lomwe amafuna ndiwaswe." Anapukusa mutu. "Ndiye ndawamana, Mzime. Ndawapatsa kachidutswa."

"Munalankhula bwino, Adadi."

"Usayambenso zimenezo."

Mzime anatsitsa chikwama pashelefu n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anatuluka kukathandiza mchimwene wake kukweza mipando m'galimoto.

A Chimkuzamawu analowa m'kachipinda kositira, n'kutseka chitseko. Anachotsa zovala zimene wina anaunjika pampando wapulasitiki, naikapo chikwamacho, n'kuchikankhira pafupi ndi tebulo. Anachitsegula bwinobwino kuti chisadzitseke chokha. Mkatimo munali magalasi aja, kampango kopindidwa, ndi maswiti a pakhosi, paketi yathunthu yosatsegula, ikadali ndi kapepala ka mtengo ka kushopu ya kuchipatala. Munthu woti sankathanso kumeza, anatuma wina kukagula maswiti.

Anang'amba paketiyo ndi mano, n'kuponya switi imodzi m'kamwa. Anabwerera pamalo awo a nthawi zonse, pafupi ndi chitseko. Dzanja sanalikweze, abale ndi alongo sanawaitane.

"A Kalaliki," anatero, "tiyambire pasiteji ya basi paja."